Mawu Awiri a Bambo Peterson

Pilirani anabadwa ndi khutu lakuba. Akamva munthu akuyankhula kamodzi kokha, mawa lake ankamubwezera mawu ake omwe, mpaka katsokomoledwe ndi kamezedwe ka malovu. Ali mwana ku Chimwankhunda ankatsanzira wansembe wa ku parishi, mayi wogulitsa zitumbuwa pa siteji, ndi mwini nyumba imene ankachita lendi. Amene ankaseka kuposa onse anali bambo ake, a Peterson. Akaweruka kuntchito ankakhala pakhonde, n'kumasula tayi, n'kuitana kuti, "Tabwera kuno iwe, tandichitire alandilodi aja." Pilirani akatupitsa mimba n'kuyamba kuyenda mopepesuka, akugwedeza makiyi a bodza, a Peterson ankaseka mpaka kugwira nthiti.

A Peterson anachoka ku Nsanje ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse wa m'tauni anali mphunzitsi pa sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa galimoto ku Limbe. Anali munthu wa mawu ambiri, wokonda kukalipa koma wosasunga mkwiyo. Madalaivala ochuluka a minibasi za pakati pa Limbe ndi Blantyre anadutsa m'manja mwawo, ndipo onse ankakumbukira kukuwa kwawo: "Klatchi kaye, iwe! Ukufuna undiphere galimoto?"

Pilirani atamaliza Folomu 4 ntchito sinapezeke. Anayamba kuyenda m'maukwati, kupempha a komiti kuti amupatse kampata koseketsa anthu pakati pa perekaniperekani. Mnzake Kingstone, amene ankakonza mafoni pa kabenchi mu Limbe, ankamujambula timavidiyo n'kumaponya pa intaneti. Owonera anali achibale ndi anzawo a kusukulu. Tauni inali itadzaza kale ndi anyamata otsanzira abusa ndi andale. Pilirani ankawaposa ambiri a iwo, koma analibe chakechake chimene anthu akanamukumbukira nacho.

M'mawa wina a Peterson akuphunzitsa mtsikana kunyamuka pa chitunda, mawu awo anathera pakati. Mtsikanayo atacheuka anapeza pakamwa pawo patapotokera kumbali, dzanja lamanja litagwera pa giya. Kuchipatala anati ndi sitiroko, BP inali itakwera kalekale iwo osadziwa.

Anabwerera kunyumba ndi mwendo wokoka, dzanja lopindikira pachifuwa, ndi mawu awiri okha: "Basi bwino." Palibe amene anadziwa chifukwa chake anatsala amenewo. Akafuna madzi, basi bwino. Akamva kupweteka, basi bwino. Akakwiya ankamenya tebulo ndi dzanja lamanzere n'kukuwa mawu omwewo, misozi ikutsika. Nzeru zinali zonse, ndipo maso awo ankasonyeza kuti akumva chilichonse chokambidwa m'nyumbamo. Lilime lokha ndi limene linawakanira.

Mkazi wawo, a Magdalene, ankagulitsa kaunjika mu msika wa Chilobwe. Popeza tsopano nyumba yonse inkayang'ana iwo, ankalawirira n'kubwera dzuwa litapendeka. Odwala anatsalira Pilirani. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwamanga tayi chifukwa ankakana kutuluka panja opanda tayi. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kusiyanitsa mawu awiri aja. Akatuluka mofulumira, ndiye kuti akufuna kuchimbudzi. Akakokeka, akufuna wailesi. Akatuluka motsitsa, kumapeto kukukwera ngati funso, ndiye kuti akufunsa ngati iye wadya. Ngakhale a Magdalene ankachita kumufunsa kuti, "Akuti chiyani abambo ako?"

A kuchipatala anawauza kuti aziyenda tsiku lililonse. Anayamba ndi kufika pa geti atatsamira phewa la mwana wawo. Kenako ankafika pa kiosiki ya madzi. Chisanu chisanathe anali akuyenda okha ndi ndodo mpaka pa siteji, pamene ankakhala pakhonde pa telala wina, a Sulemani, n'kumaonerera minibasi zikudutsa. Dalaivala akasintha giya moipa, ankapukusa mutu.

Loweruka lina la mu Okutobala kunali ukwati mu holo ina ku Chirimba. Kunkatentha, malata akuthetheka, anthu atatopa ndi kuvina. Pilirani atapatsidwa maiki anayamba ndi m'busa wolosera, koma anthu sanaseke. Anachita kondakitala wokana kubweza chenji, ena n'kuyamba kutuluka kukagula madzi. Wapampando wa komiti anamulozera wotchi. Pilirani anamva thukuta likutsika kumsana. Pobwerera m'mbuyo phazi lake linakodwa mu waya wa maiki, anadzandira, ndipo pofuna kudziwongola mwendo unakokeka pansi. Thupi lake linkawadziwa mayendedwe amenewo, popeza linali litawachirikiza miyezi yambiri. Phewa linagwa lokha, dzanja linapindikira pachifuwa, mlomo unapotoka.

Mayi wina wa pampando wa kutsogolo anafunsa mokweza, "Mwavulala, achimwene?"

"Basi bwino," anatero Pilirani.

Holo yonse inaphulika ndi phwete.

Akanatha kulekera pomwepo. Koma kuseka koteroko anali atakudikira zaka zambiri, ndipo kutabwera sanathe kukubweza. Anapanga chidakwa chobwerera kunyumba m'mawa. Mkazi akufunsa kumene wagona, basi bwino. Nyumba ikupsa, basi bwino. Apongozi agwera m'chitsime, basi bwino. Ankadziwa kuwakoka mawuwo, kuwadula, kuwakweza kumapeto, chifukwa kakomedwe kake konse anakaphunzira ndi lezala m'manja. Mkwatibwi anaseka mpaka azimayi anachita kumupukuta kumaso. Amene anatuluka aja anabwerera akuthamanga.

Panja pa holoyo Kingstone anamuthamangira foni ili m'mwamba.

"Aise, iyi ndiye yake! Iyi ndi imene takhala tikuifuna ija."

"Usaponye."

"Chifukwa?"

"Ukudziwa chifukwa chake."

"Ndani akuwadziwa madala ako kunja kwa Chimwankhunda? Komanso dzina sunatchule. Uyu ndi chidakwa, si madala ayi. Timutcha Che Basibwino. Kutsanzira si kutukwana, aise."

Pilirani sanavomere, koma sanakanenso kachiwiri.

Vidiyoyo inayenda ngati moto wa mu Okutobala. Pasanapite nthawi anyamata oitanira minibasi ku Limbe anali atawatola mawuwo: minibasi ikadzaza ankamenya chitseko n'kukuwa, "Basi bwino!" Amayi a mu msika ankatero kasitomala akanenerera n'kuchoka osagula. M'maofesi, malipiro akachedwa, anthu ankapotoza mlomo n'kutero. Foni ya Pilirani inayamba kulira osalekeza. Kingstone anatseka kabenchi kake n'kudzitcha manijala. Anajambula Che Basibwino akufunsira mkazi, Che Basibwino pa intavyu ya ntchito, Che Basibwino akuimba kwaya. Kingstone atanena kuti munthuyo akufunika jekete ndi tayi kuti azioneka ngati bwana wakale amene mowa unamugwetsa, Pilirani anatsegula wadiropu ya bambo ake iwo ali ku siteji, n'kutenga jekete yawo yabulauni.

M'nyumba munasintha. Mankhwala sankathanso. Lamulungu kunkaphikidwa nyama. Pilirani anagulira bambo ake ndodo yachitsulo ya miyendo itatu, yosaterereka pa miyala. A Magdalene anali ndi kafoni ka mabatani, kongoimbira, ndipo ankangodziwa kuti mwana wawo zoseketsa zija zayamba kumuyendera. Kutchalitchi anapereka misa yothokoza.

A Peterson nawo anaona kusintha. Popita ku siteji anthu ankawapatsa moni kuposa kale. Anyamata a kabaza, amayi a pa kiosiki, ngakhale anthu osawadziwa, onse ankakweza dzanja akumwetulira n'kunena kuti, "Basi bwino, madala!" Iwo ankaima, n'kutsamira ndodo, n'kuyankha ndi mtima wonse. Chidwalireni aka kanali koyamba kuti anthu a panjira ayankhule nawo m'malo moyang'ana kumbali. Ankabwerera kunyumba nkhope ikuwala, ndipo anayamba kupita ku siteji m'mawa ndi masana omwe.

Pilirani ankadziwa chimene chinkachitika. M'mawa uliwonse powamanga tayi, nkhope zawo zitayandikana, ankati anene. Bambo ake ankamuyang'ana ndi diso lachikondi n'kumufunsa, ndi mawu awiri aja, ngati wadya. Iye ankayankha kuti wadya, n'kuwapatsa ndodo.

Amene anaulula sanali mdani. Anali Paston, dalaivala wa minibasi amene a Peterson anamuphunzitsa kalekale, ndipo ankawakonda. Tsiku lina atawaona pakhonde pa telala anaimitsa minibasi, anthu ali momwemo, n'kudumpha akuseka.

"Aphunzitsi! Mwatchukatu inu! Mwana wanu uja ndi dolo!"

"Paston, tasiya zimenezo," anatero a Sulemani, ataimitsa makina.

"Ndisiye chiyani? Si anapangana okha awa? Taonani, aphunzitsi, iyi ndi yatsopano, ya kwaya."

Anawaikira foni pamaso. A Peterson anasuzumira. Anaona jekete yawo. Anaona mwana wawo akukoka mwendo, dzanja pachifuwa, mlomo uli kumbali. Anamva mawu awo akutuluka m'kamwa mwake, ndendende mmene amatulukira mwa iwo, ndipo pambuyo pa mawu aliwonse gulu la anthu linkaseka. Sanachotse maso mpaka vidiyo inatha. Kenako anayang'ana anthu amene anali atasonkhana pakhondepo, mmodzimmodzi, anthu omwe aja ankawapatsa moni masiku onsewa. Kuseka kunazima. Paston anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono.

"Ndimayesa mukudziwa, aphunzitsi," anatero.

A Peterson anadzuka. A Sulemani atafuna kuwagwira mkono, anawakankha. Anayenda okha mpaka kunyumba.

Pilirani atabwera masana anawapeza kuchipinda, atakhala pabedi, akuyang'ana khoma. Tayi inali pansi.

"Ababa, mwadya?"

Anapitiriza kuyang'ana khoma.

"Ababa, mukumva kupweteka? Ndiyatse wailesi?"

Sanacheuke n'komwe. Pilirani anaima pakhomo, ndipo anadziwa kuti zaululika.

A Magdalene anafika dzuwa likadali m'mwamba, chikwama cha kaunjika chili chodzaza. Mkazi wa a Sulemani anali atawalondola ku msika n'kuwaonetsa zonse. Anatula katundu pabalaza, n'kulowa kuchipinda, n'kukhalamo nthawi yaitali. Atatuluka anatseka chitseko bwinobwino.

"Jekete ya abambo ako ili kuti?"

"Ili kwa Kingstone."

"Ukaitenge."

"Amama, ndimvereni kaye. Ndi nthabwala chabe. Ndi sewero."

"Sewero lake liti limene munthu amavalira jekete ya bambo ake?"

"Sindimawanyoza ayi. Munthu ujatu ndi chidakwa, si iwo. Ine ndimangotsanzira kayendedwe..."

"Usandiphunzitse mawu ine. Kwathu mwana akamayenda pambuyo pa munthu wolumala n'kumatsimphina, timati akumutonza. Kaya kuno ku tauni mwazipezera dzina lina, koma chinthu chake n'chomwecho."

"Nanga mankhwala aja? Ndodo ija? Mumaganiza kuti zimachokera kuti?"

A Magdalene anakhala pampando.

"Ndiye kuti nyama tinkadya ija, tinkadya abambo ako," anatero motsitsa. "Ine n'kumakathokoza Mulungu pamaso pa anthu, anthuwo akudziwa." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Munthu anatsala ndi mawu awiri, Pilirani. Awiri okha. Iwe uli ndi mawu a anthu onse a mu Blantyre muno. Anakuchepera?"

Pilirani anatsegula chitseko chija. Analowa kuchipinda n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Ababa, ndalakwa. Ndikhululukireni."

A Peterson anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Milomo yawo inayamba kugwedera. Pilirani anaona mawu aja akubwera, anaona milomo ikukumana kuti iyambe, ndipo anadikira kuti amve ngati atuluke okwiya kapena ofatsa. Koma a Peterson anakweza dzanja lamanzere n'kudzitseka pakamwa. Anagwira chomwecho mpaka mawuwo anabwerera.

M'mawa mwake Pilirani atabweretsa madzi ometera, bambo ake anamugwira pamkono n'kumukankha. Beseni linagwa, madzi n'kuyenderera pansi pa bedi.

Tsiku lomwelo anapita kwa Kingstone kukatenga jekete.

"Chotsa mavidiyo onse," anatero.

"Ndichotsa, palibe vuto. Koma ukuganiza kuti ali kwa ine ndekha?" Kingstone anatsegula foni n'kuyamba kumuonetsa. Mnyamata wina wa ku Ndirande anali akuchita Che Basibwino. Wina wa ku Lilongwe. Mtsikana wina anali atapanga mkazi wake wa Che Basibwino, nayenso wopotoka mlomo. Panali ndi nyimbo yomwe, yovinidwa pokoka mwendo. "Waona? Chinthuchi si chakonso, aise. Ukasiya iwe, adya ndi ena. Madala sizingawathandize kanthu."

"Ndasiya basi."

Anasiyadi. Anakonza zatsopano: mlaliki wa mu basi, sekilitale wonyada wa mu ofesi, muulutsi wa pa wailesi wowerenga mauthenga a maliro ngati akuulutsa mpira. Zinali zabwino, mwina kuposa zonse zimene anachitapo. Anakaziyesa Lamulungu lina masana pa malo ena omwera mowa ku Limbe, pamene anthu anadzaza atamva kuti kubwera Che Basibwino. Poyamba anamumvetsera, akuganiza kuti akungotenthetsa. Ataona kuti mlaliki watha ndipo kwabwera sekilitale, wina anakuwa kumbuyo, "Tikufuna madala aja!" Ena anayamba kumenya matebulo. Botolo linauluka n'kusweka pafupi ndi sipika.

"Zimenezo ndinasiya," anatero Pilirani pa maiki.

Anamukuwiza. Mwini malowo anakwera, n'kumulanda maiki, n'kuipereka kwa mnyamata wina amene ankadikira m'mbali atavala kale jekete. Mnyamatayo anakoka mwendo wolakwika, anatulutsa lilime, n'kumachucha dovu. Anthu anaseka chimodzimodzi. Pilirani ataima kumbuyo anadzipeza akuganiza kuti, si choncho, ababa sachucha dovu, ndipo phewa limagwa mwendo usanakokeke. Atazindikira chimene ankaganizacho anatuluka, n'kuyenda wapansi mpaka ku Chichiri asanakumbuke zokwera minibasi.

A Peterson sanapitenso ku siteji. Sanafikenso ndi pa geti pomwe. Ndodo yachitsulo ija inakhala kuseri kwa chitseko. Ana a sukulu podutsa ankakuwa mawu aja kunja kwa mpanda n'kuthawa, ndipo a Magdalene atatopa ndi kuwathamangitsa anangoyamba kutseka mawindo. Popeza odwalawo ankakana kukhudzidwa ndi mwana wawo, a Magdalene anasiya kupita ku msika, malo awo n'kutengedwa ndi wina. Mwendo uja unauma. Kumsana kunayamba zilonda. A Sulemani anabwera kudzawaona, Paston nayenso anabwera ndi shuga ndi buledi, n'kukhala pabalaza chipewa chili m'manja, koma a Peterson anangotseka maso mpaka alendowo anapita. Chichokereni pakhonde pa telala paja sanatulutsenso liwu.

Mvula yoyamba itagwa a Magdalene ananena maganizo awo.

"Ndikuwatenga. Tikupita kwa achimwene anga kwa Tengani. Kumeneko kuli anthu ondithandiza kuwanyamula. Mwinanso kumeneko zinthu zakozo sanazione."

Pilirani ankadziwa kuti anaziona, chifukwa mauthenga oyamikira ankabwera ngakhale ochokera ku Marka, kupitirira kwa Tengani komweko. Sananene.

Ananyamuka m'mawa. Pa depoti panali matope, ndipo minibasi ya ku Nsanje inaima patali ndi pamene takisi inawatsitsa. Panalibe kuchitira mwina, Pilirani anawabereka bambo ake. Anali opepuka ngati mwana, thupi lili gwa, nkhope atayang'anitsa kumbali kuti isakhudze khosi lake. Atafika pa chitseko kondakitala anaona dzanja lopindika ndi mlomo uja, n'kuwomba m'manja.

"Eee! Che Basibwino enieni! Awa akhale kutsogolo awa, ndi bwana!"

Anthu a m'minibasimo anaseka. Ena anatulutsa mafoni. Pilirani anawakhazika bambo ake pampando, n'kutembenuka, n'kumugwira kondakitalayo pakhosi pa malaya.

"Ukuseka chiyani? Munthu akudwala uyu, ukuseka chiyani?"

"Iii, akulu, ndimangocheza..." Kondakitalayo anamuyang'anitsitsa, maso ake n'kukula. "Dikirani kaye. Si inu? Anthuni, ndi yemweyu! Mwini wake uja!"

Anthu anathamangira kuchokera ku minibasi zina. Ogulitsa mazira ndi madzi anasiya makasitomala. "Tatichitireni pang'ono, akulu!" "Taimani pafupi ndi madalawo, tijambule nonse awiri!" Dzanja la Pilirani linafooka, malaya a kondakitala n'kupulumuka. Mafoni anali atazungulira windo limene a Peterson anakhala. A Magdalene anamasula chitenje cha pamwamba n'kuwafunditsa amuna awo kumutu mpaka pachifuwa, mmene amafunditsira munthu amene wapita kale. Atatero anakhala pambali pawo n'kuyang'ana kutsogolo.

Minibasi itadzaza Pilirani anafika pa windo.

"Amama, mukafika mundiimbire."

"Uzikhoma pakhomo ukamachoka," anatero a Magdalene.

Chitenje chija sichinagwedere. Minibasi inatuluka m'depoti n'kulowera njira ya ku Chikwawa.

Miyezi yotsatirayo Pilirani anayesa zambiri. Anathandiza amisiri omanga nyumba ku Chirimba, koma anzake ankangomukakamiza kuti awaseketse, ndipo atakana anayamba kumutcha wonyada mpaka kapitawo anamuuza kuti asabwerenso. Anafunsira ntchito ya ulonda, womufunsayo n'kuyamba kuseka asanakhale n'komwe pansi. Anachoka m'nyumba ija n'kukapeza kachipinda kamodzi ku Chilobwe. Lamulungu lililonse ankaimba foni kwa Tengani. Amayi ake ankamuuza za kutentha, za udzudzu, za zilonda zimene zinkapola uku zikuyamba uku. Akapempha kuti ayankhule ndi bambo ake, ankawaikira foni pakhutu. Pilirani ankanena za mvula ya ku Blantyre, za Paston amene anagula minibasi yakeyake, za mpira. Kumbali inayo ankangomva kupuma, ndi nkhuku zikulira patali.

Lamulungu lina amayi ake ndi amene anayamba kuimba.

"Mankhwala a BP atha. Kuchipatala cha kuno akuti tikagule tokha. Miyendo yayamba kutupa. Ngati uli ndi kanthu, tumiza."

"Amama, mukudziwa kuti ntchito ndilibe."

"Ndikudziwa."

"Njira imene ndili nayo ndi imodzi yokha."

Pilirani anachotsa foni pakhutu kuti aone ngati yaduka.

"Sindinakufunse za njira," anatero a Magdalene, n'kudula.

Kingstone anali atapeza mnyamata wina, koma anamulandira Pilirani ndi manja awiri, chifukwa a makomiti a maukwati ankadandaula kuti enawa n'ngongoyerekeza, iwo akufuna mwini wake. Pilirani anagula jekete ina pa kaunjika. Loweruka lomwelo, mu holo ina ku Chilobwe, Pilirani anaima kuseri kwa chitseko akumva woyendetsa mwambo akumuitana. Anagwetsa phewa, anapinda dzanja, n'kulowa. Anthu anayamba kuseka asanatsegule pakamwa. Lolemba anatumiza ya mankhwala, amayi ake n'kuyankha ndi uthenga wa liwu limodzi, wakuti zafika.

Zinapitirira choncho chaka chonse. Kwa Tengani sanapiteko. Ankati apita Isitala, kenako ankati apita chisanu chikatha, koma Loweruka lililonse linali ndi ukwati wake, ndipo iye ankadziwa kuti chomulepheretsa si maukwatiwo.

A Peterson anamwalira m'nyengo yotentha ya chaka chotsatira, masana, atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu. A Magdalene anati anali maso mpaka kumapeto, ndipo sananene kanthu.

Pilirani anafika maliro atatsala pang'ono kunyamuka. Amalume ake anamupatsa moni wa m'manja osamuyang'ana kumaso. Pa mwambo wonse ankamva anyamata a m'mudzimo akunong'onezana kumbuyo kwake, wina akutsinya mnzake, wina akubisa kuseka m'malaya. Pochoka kumanda mmodzi wa iwo anamutsatira, n'kumupepesa mwaulemu ndithu, kenako n'kufunsa ngati angajambulitse naye.

Madzulo ake anakhala ndi amayi ake kuseri kwa nyumba. Anali atakalamba kwambiri, manja atauma ndi ntchito yonyamula munthu.

"Ababa ankandimva ndikamayankhula pa foni paja?" anafunsa Pilirani.

"Ankamva."

"Ankatani?"

"Ankangomvetsera. Ukamaliza ndinkachotsa foni."

"Sanasonyezepo chilichonse? Ngakhale ndi dzanja?"

A Magdalene anaganiza kanthawi, ngati akufunafuna chinthu choti amupatse.

"Ayi," anatero. "Sindikunamiza, mwananga. Sanasonyeze."

Iwo anati ku Blantyre sabwererakonso, akhala konko ndi achimwene awo, azilima mapira. Sanamufunse ngati apitiriza ntchito yake, iyenso sanaitchule. Achibale ankayembekezera kuti akhala mpaka tsiku losesa, koma Pilirani anakwera minibasi Lachisanu m'mawa, chifukwa Loweruka kunali ukwati ku Bangwe, ndipo dzina lake linali litalengezedwa kale.